Nkhwangwa Yobisa Macheka M'mimba

Pali kachida kena kamene kakugulitsidwa m'masitolo a katundu wa kutchire kuno ku East Rand, ndipo ine ndikufuna kukatsutsa poyera. Ndi kankhwangwa kakafupi, kakuda bii, ka mpini wa pulasitiki, ndipo m'mimba mwa mpiniwo mwabisala macheka. Mukafuna kuwaza nkhuni mumawaza, mukafuna kucheka mumasolola machekawo kumatako kwa mpini. Pali mtundu winanso umene lumo la macheka limakoledwa kuchokera kumutu wa nkhwangwa kufika kunsonga ya mpini, ngati nsinga ya uta, kuti nkhwangwa yonseyo isanduke chogwirira. Pabokosi amalemba kuti zida ziwiri m'chimodzi, pena zinayi m'chimodzi, ndipo pambali pake pamakhala chithunzi cha mwamuna wandevu ataimirira m'nkhalango ya paini yoti ku Boksburg simungaipeze ngakhale mutayenda tsiku lonse.

Amene amandifunsa za kachidaka ndi anthu akwathu omwe zinthu zayamba kuwayendera: anamwino a ku Benoni, madalaivala a mathiraki a ku Germiston, mlamu wanga wa ku Kempton Park amene chaka chino wagula tenti ya zipinda ziwiri. Isitala kapena Disembala akayandikira, funso limabwera lomwelo: "Alamu, inu mumadziwa kuwerenga zizungu za pamabokosizi, kabwino ndi kati?" Yankho langa silisintha. Kabwino palibe. Ndalamayo isungeni.

Tiyambe ndi chitsulo chenichenicho, pakuti wogulitsa safuna kuti tifike pamenepo. Nkhwangwa ndi macheka zimafuna zinthu zotsutsana. Nkhwangwa imagwira ntchito ndi kulemera kwa mutu wake; dzanja limangouwongolera, mutuwo ndiwo umagwa pachikuni. Macheka amafuna kupepuka, lumo lopyapyala, ndi mpata wautali wokokera, kuti mano ambiri adutse pamtengo pa kukoka kamodzi. Mukazikwatitsa, aliyense amataya chake. Macheka obisala mu mpini sangatalike kuposa mpiniwo, ndiye mumangogwedeza dzanja pafupipafupi ngati mukupala mamba a usipa. Chogwirira chake nacho chimayenera kukhala chowonda kuti chikwane m'phangamo, ndipo chikuni chachitatu chisanathe, chikhatho chayamba kale matuza. Mtundu wa uta uja uli ndi vuto lake: pokoka paliponse mukunyamula mutu wa nkhwangwa umene sukuchita kalikonse, ndipo chikuni chikakula pang'ono chimagunda mpini lumo lisanafike pakati.

Ndiye pali nkhani ya miyendo. Anthu amaganiza kuti nkhwangwa yaifupi ndi yosaopsa poti ndi yaing'ono. Si choncho. Nkhwangwa ya mpini wautali ikaphonya chikuni imakalowa m'dothi. Yaifupi ikaphonya siifika pansi, imazungulira n'kubwerera pa msongolo kapena pa bondo la mwini wake. N'chifukwa chake odziwa amagwada akamawaza ndi kankhwangwa. Tsono pa ngozi imeneyi onjezanipo lumo lina lobisika m'dzanja lomwe mukumenyeralo. Izi si zopeka zanga. Ku America kampani ya Gerber inachita kulengeza kuti nkhwangwa yake ina ya mtundu wa Gator Combo, imene inkabisa mpeni mu mpini, ikonzedwe, chifukwa mpeniwo unkatha kusololoka munthu akuwaza n'kumucheka. Chinthu chimene ntchito yake ndi kugunda mwamphamvu, inu n'kuikamo lumo loti lizikhala phee mkati mwake, mukuyembekezera chiyani?

Sindinena kuti mpini wa pulasitikiwu umathyoka msanga. Ena ndi olimba kwambiri, ndipo wonena kuti onse ndi zinyalala akunama. Chimene ndikunena n'chakuti tsiku limene udzathyoke, nkhwangwayo yatha. Pulasitiki anaiumbira kuzungulira mutu kufakitale. Simungaigulule, simungaseme ina. Mutu wachitsulo umene ukanatumikira zidzukulu zanu upita kudzala, ndipo macheka atsala opanda nyumba. Akulu anati nkhwangwa ikhulupirira mpini. Ankanena za mpini woti ukatha, mwini wake alowa patchire n'kubwera ndi wina dzuwa lisanapendeke.

Palinso chinthu chaching'ono chimene aliyense woti anakhalapo pamaliro kapena paukwati wa kumudzi amachidziwa. Nkhuni sizidulidwa ndi munthu mmodzi. Wina amacheka, wina amawaza, wachitatu amatuta. Mukagula mtundu wa uta uja, mwalemba ntchito munthu mmodzi, ena onse akhale pansi azimuyang'ana. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo apa mapanga onse awiri mwalipira ndalama.

Wina adzati: nanga woyenda pansi m'mapiri a Drakensberg, amene chilichonse amasenza kumsana, simuona kuti kwa iye kuchepetsa katundu n'kofunika? Ndikuona. Koma woteroyo nkhwangwa saifuna n'komwe. Pamwamba pa mapiri amenewo pali udzu, ndipo amaphikira pa kasitovu ka gasi. Amene amagula kachidaka ndi amene amafika pamalo ogona pa bakkie, atanyamula mipando, matiresi, bokosi la madzi oundana ndi sipika. Galimoto imene yasenza zonsezi singadandaule ndi macheka a payekha.

Funso limene sindinamvepo wogulitsa akufunsa ndi ili: kodi mukukadula chiyani? Dera lino la Highveld ndi la udzu chilengedwere. Mitengo yambiri imene mumaiona m'mbali mwa njanji ndi kuseri kwa milu ya migodi, bulugamu ndi black wattle, inachokera ku Australia, ndipo yambiri inadzalidwa golide atapezeka mu 1886, kuti pakhale mitengo yochirikizira migodi ndi nkhuni. Mukapita ku Marievale kufupi ndi Nigel mukapeza dambo, bango ndi mbalame. Mukapita ku Suikerbosrand cha ku Heidelberg mukapeza malo otetezedwa kumene mtengo sukhudzidwa. Ku Kruger ngakhale kutola nkhuni zouma zimene zagwa zokha n'koletsedwa. Nkhuni za pa braai zimagulidwa m'matumba pa filing'i siteshoni kapena pachipata, zodulidwa kale, zowazidwa kale: sekelbos, uja kwathu timati mpangala, kapena kameeldoring wochokera ku Namibia. Kuyambira pamene kachilombo kofukula mitengo, konga nankafumbwe, kanapezeka ku Pietermaritzburg mu 2017 n'kufalikira mpaka ku Johannesburg, anthu amapemphedwanso kuti asamasamutse nkhuni kuchoka dera lina kupita lina. Ndiye kankhwangwa kaja kakagwira ntchito yanji? Kakhomera zikhomo za tenti, ntchito imene mwala uliwonse umaigwira mwaulere, kenako kajambulidwa katazikika pachitsa.

Apa ndi pamene ndimapsera mtima, chifukwa chimene chikugulitsidwa si chida. Akukugulitsani chithunzi cha munthu amene angathe kukhala moyo kutchire ndi manja ake. Ndipo akugulitsa chithunzi chimenechi kwa ana a anthu amene anachitadi zimenezo.

Taganizirani nkhwangwa ya kwathu. Wosula amatenga chitsulo cha sipuling'i ya galimoto yakufa, n'kuchiika pa chipala, mwana akupukusa kapena kuvukuta, mpaka chifiire. Amachisula kuti mbali ina ikhale yotambalala ndi yakuthwa, mbali ina yosongoka, ndiwo msuka. Mpini amasankha mtengo wolimba monga naphini, ndipo amaudula pamene pali mfundo kapena pamene thunthu likumana ndi muzu, chifukwa pamenepo ulusi wa mtengo ndi wopotana, sung'ambika. Msuka uja amauwotcha n'kuboola nawo pamfundopo. Palibe msomali, palibe guluu. Mukamenya chikuni, msuka umalowerera, nkhwangwa imalimbirako. Tsono chinsinsi chake nachi: mukagogoda mpini kumbuyo, mutu umatuluka. Muutembenuze kuti kukamwa kwake kupingase, muubwezere, mwapeza nsompho yosemera mtondo, chipande kapena bwato. Muutulutse osaubwezera, mwapeza chopalira chikopa kapena chokumbira. Chida cha ntchito zingapo tinali nacho kalekale, ndipo chathucho sichinyengerera ntchito ina kuti ina itheke, pakuti ntchito zonsezo ndi za chitsulo chimodzi cholemera ndi chakuthwa. Macheka sanalowemo chifukwa osula ankadziwa kuti macheka ndi mtundu wina. Anyamata ocheka matabwa ku Chikangawa ndi pa phiri la Mulanje ali ndi macheka awo aatali a anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenje, ndipo palibe anaganizapo zowapinda kuti alowe mu mpini.

Ine ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo liwu lakuti bushcraft linandipatsa mutu tsiku lina pamene linatulukira m'zolemba zimene ndinkaziika m'Chichewa. Ndinayesa "luso la kutchire", koma nditawerenga mokweza ndinaseka ndekha. Luso lanji? Kufundula luzi la mombo, kupeka moto, kutchera diwa, kudziwa bowa wodya ndi wakupha, kumanga msasa mvula isanagwe, kusema mpini: kwathu zimenezi zilibe dzina limodzi chifukwa si phunziro lapadera. Mwana wodziwa zimenezi satchedwa katswiri. Amene amapatsidwa dzina ndi wosadziwayo, ndipo dzinalo si labwino. Chinthu chimapeza dzina lotere pamene anthu ena achichotsa pa moyo wa eni ake n'kuchiika pa shelefu.

Ndipo mbiri ya kachotsedweko ili pafupi nafe. Mu 1896 Amandebele ataukira kampani ya Cecil Rhodes, Robert Baden-Powell anali m'mapiri a Matobo ngati kazitape wa asilikali a Britain, pamodzi ndi Mmerika wina, Frederick Russell Burnham. Kumeneko ndi kumene anakulitsa nzeru zolondola mapazi, zogona panja ndi zoyenda mosaoneka, ndipo ankaziphunzira posaka anthu akuda m'dziko lawo lomwe. Mu 1908 anatulutsa buku lake la Scouting for Boys, ndipo anyamata a dziko lonse lapansi anayamba kumanga mfundo ndi kukoleza moto. A Scout eni ake amanena kuti timikanda toyamba ta Wood Badge tinachokera pa mkanda wa mfumu ya Azulu, Dinuzulu. Koma kuno ku South Africa anyamata akuda sanaloledwe kulowa gulu limodzi ndi azungu. Anawapangira lawolawo la Pathfinders, ndipo magulu ogawidwa potengera khungu anaphatikizidwa mu 1977. Zidzukulu za amene ankalondoledwa mapazi zinauzidwa kuti ziime panja pa kalasi yophunzitsa kulondola mapazi. Masiku ano lusoli limabwera kudzera mwa Ray Mears wa ku Britain ndi malemu Mors Kochanski wa ku Canada, ndipo sindiwanyoza, ankadziwa ntchito yawo, Mears amatchulanso poyera anthu amene anamuphunzitsa. Chimene ndikukana ndi chakuti mwana wa ku Ntcheu azikaonera pa YouTube mzungu akuwaza nkhuni, pamene amayi ake anamulera ndi nkhwangwa.

Ndati amayi mwadala. Pabokosi pali mwamuna wandevu, koma aliyense amene anaimapo m'munsi mwa phiri la Zomba m'mawa anaona amene amatsika ndi mitolo yaitali kuposa iwo eni, nkhata pamutu, nkhwangwa paphewa. Nkhuni kwathu ndi ntchito ya amayi ndi atsikana, ya tsiku ndi tsiku, yopweteka khosi. Ikasanduka masewera a Loweruka ndi Lamulungu, pomwepo yasanduka yachimuna, yapezanso mtengo wake mu randi.

Tsopano tibwere pa msewu wa kuno, chifukwa ndi pamene nkhaniyi ili ndi mano. Dziko lino lili ndi lamulo la zida zoopsa, Dangerous Weapons Act, la nambala 15 la 2013. Limati munthu wopezeka ndi chida choopsa m'njira yopatsa chikayikiro chomveka kuti akufuna kuchigwiritsa ntchito yoswa lamulo walakwa, ndipo akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa mpaka zaka 3. Lamulolo silikhudza wonyamula chida chifukwa cha ntchito yovomerezeka, komanso wochita masewera, zosangalatsa, zachipembedzo kapena zachikhalidwe. Papepala, wa m'galadeni ndi wokagona kutchire ndi ofanana. Koma chikayikiro sichikhala papepala. Chimakhala m'maso mwa amene wakuimitsa. Nkhwangwa yakuda ya mano owala ili m'bakkie pambali pa tenti ndi zosangalatsa. Chikwanje chokutidwa m'thumba la ufa, chili m'manja mwa mnyamata woyankhula Chizulu chopotoka pa renki ya matekisi ku Tembisa nthawi ya 5 koloko m'mawa, chimafuna kufotokozedwa, ndipo kufotokozako kumayamba ndi mapepala.

Ndikudziwa bambo wina wa kwathu amene amasamala mabwalo a nyumba zitatu, ina ku Edenvale, ziwiri ku Bedfordview. Ali ndi zikwanje zitatu, chilichonse chimagona kunyumba kumene chimagwira ntchito. Anagula ndi ndalama zake, poti za mabwana ake amati n'zobuntha ndipo sizikhala bwino m'dzanja. Nditamufunsa chifukwa chosangoyenda ndi chimodzi, anandiyang'ana ngati mwana. "Achimwene, mukufuna ndikagone kuti?" Bambo ameneyu amatha kusadza bulugamu wotalika kuposa nyumba popanda nthambi imodzi kugwera padenga. Amanola chikwanje ndi tupa mpaka chimete ubweya wa pamkono. Pa anthu onse amene ndikuwadziwa m'chigawo chino, iyeyu ndiye katswiri wa bushcraft, ndipo ndi yekhayo amene sangayende ndi chida chake.

Mantha akewo ali ndi pochokera. Dzina lakuti Ekurhuleni ndi la Chitsonga, limatanthauza malo a mtendere, ndipo linaperekedwa mu 2000 pamene matauni a East Rand anaikidwa pansi pa khonsolo imodzi. Patangopita zaka 8, mu Meyi 2008, chipwirikiti chimene chinayambira ku Alexandra chinafika kuno, ndipo m'dziko lonse anthu 62 anaphedwa. Pa 18 Meyi, ku Ramaphosa kufupi ndi Reiger Park, Ernesto Alfabeto Nhamuave wa ku Mozambique anatenthedwa wamoyo, chithunzi chake n'kuzungulira dziko lapansi. M'zithunzi za masiku amenewo zikwanje ndi nkhwangwa zikuoneka bwino lomwe, ndipo sizinali m'manja mwa alendo. Amene anathawa anayamba agona m'mabwalo a polisi ndi m'maholo, kenako anawasamutsira m'matenti, ena pafupi ndi Rand Airport ku Germiston, m'nyengo yozizira ya Juni pamene udzu umadzuka woyera ndi chisanu. Anthu akwathu ambiri anakwera mabasi kubwerera kumudzi ndi chovala chokhacho chimene chinali pathupi.

N'chifukwa chake liwu lina limandivutanso kumasulira, lakuti camping. M'Chichewa tili nalo kale liwu lakuti kampu, koma munthu akati "tili kukampu" palibe amamufunsa ngati akusangalala. Kampu ndi Dzaleka. Kampu ndi sukulu imene anthu a ku Chilobwe anakagonamo phiri la Soche litagumuka ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ku kampu munthu amapita nyumba ikamuthawa. Sindikuti pachifukwa chimenechi tisakagone panja mwa kufuna kwathu. Ine ndemwe ndimakonda moto wa usiku ndi nyenyezi za kutali ndi magetsi a OR Tambo, ndipo mlamu wanga ali ndi ufulu wonse wopumula pambuyo pa chaka cha thukuta. Ana obadwira m'mafulati ayenera kununkhiza utsi wa nkhuni. Koma tipiteko tikudziwa kuti sitikukaphunzira kupulumuka. Pa zimenezo tili ndi aphunzitsi m'mikuku ya ku Daveyton ndi ku Katlehong, amene Julaye aliyense amadula wattle kuseri kwa njanji kuti mbaula isazime.

Ena adzandibweza ndi mawu akuti nkhwangwa imene ndikuitamayi ndi yomwe yameta mapiri a Malawi. N'zoona kuti mapiri ametedwa. Ku Dzalanyama mpaka boma linatumizako asilikali, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa kuti owotcha ndi ogulitsa makala opanda chilolezo azilandira zilango zowawa. Koma makala amenewo amapita kuti? Amakwera njinga ndi malole kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kukaphikira anthu a mataye, m'dziko limene mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Wogwira nkhwangwa ndiye amaoneka, ndiye amalandidwa chida ndi kumenyedwa, koma moto uli kwina. Chimodzimodzi thumba la kameeldoring lija: munthu wina ku Namibia analidula padzuwa, ndipo dzina lake silili pathumbapo. Wokagona kutchire manja ake ndi oyera chifukwa wina anamugwirira nkhwangwa.

Kwa amene akufunabe yankho la kusitolo, nali. Ngati kumene mukupitako n'kololedwa kudula nkhuni zouma, monga pa famu ya munthu amene wavomera, gulani macheka a uta wachitsulo, aja amapezeka m'hadiweya iliyonse, amene lumo lake likatha mumangogula lina. Pa chikuni chonenepa ngati mkono, macheka amafulumira kuposa kankhwangwa, sataya mtengo m'zipalapala, ndipo mwana wa zaka 10 mutha kumupatsa inu mukuyang'anira. Ngati malo ndi ochepa, pali macheka opinda ngati mpeni, a Bahco kapena a Silky. A Silky amadya pokoka, choncho musawakankhe mwamphamvu, angapindike. Onjezanipo chikwanje cha nthambi zaziwisi ndi zitsamba. Kampani ya Lasher ili konkuno ku Germiston ndipo imapanga zikwanje, nkhwangwa ndi macheka; chikwanje ndi macheka pamodzi simufika pa mtengo wa kachida kochokera kunja kaja, ndipo chenje yake mugule tupa. Kanoleni kwa bambo amene amakutchetcherani kapinga, muone mmene amagonekera tupa, ndipo ola limenelo mumulipire padera.

Nkhwangwa, ngati mukuifunadi, tumizani uthenga kumudzi. Mutu wokha, wopanda mpini, wokutidwa m'chiguduli, ubwere ndi katundu wa pabasi pakati pa ufa ndi usipa. Mpini mukasema konkuno. Wattle ndi wolimba ndipo mwini famu aliyense amakondwa akachoka. Mufukule kamtengo konenepa ngati dzanja pamodzi ndi mfundo ya kumuzu, mukasende, kaume pamthunzi milungu ingapo. Msuka muuwotche mpaka ufiire, kukamwa kwa nkhwangwa mutakukulunga m'nsanza yonyowa kuti kusafewe, ndipo muulowetse pamfundopo pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi, mukuutulutsa ndi kuuwotchanso. Lekani bowo likadali lothina. Kotsalako kamalizidwa ndi chikuni choyamba.